Ndege zankhondo za mita imodzi: zimene wa ku Naperi ayenera kudziwa asanaulutse

Mwana wokulira ku Naperi, ku Zingwangwa kapena ku Ndirande sachita kuphunzitsidwa kupinda waya kuti atulutse galimoto ya chiwongolero chachitali. Ena amafika popanga ndege ya mawaya, propela yake ya chitini n'kumazungulira mwini wake akamathamanga nayo. Koma ndegeyo sichoka pansi. M'mayiko ambiri muli anthu, achinyamata ndi madala omwe, amene amapanga tindege tofanana ndendende ndi ndege zankhondo zakale, n'kumatiulutsadi ali chiimire pansi, rimoti ili m'manja. Nawa mafunso amene munthu wa mu Blantyre angakhale nawo akafuna kuyamba luso limeneli.

Kodi tindege timeneti tikusiyana pati ndi ma drone ojambula pa ukwati?

Drone ya mapropela anayi imatha kuima malo amodzi m'malere chifukwa muli kakompyuta kamene kamaisunga kuti isapendekeke. Mukasiya rimoti, iyo imangodikira. Ndege ya mapiko sidikira munthu. Imakhala m'mwamba pokhapokha ikuthamanga, chifukwa chimene chimainyamula ndi mphepo yodutsa pamwamba ndi pansi pa mapiko. Liwiro likachepa mopitirira, mapiko amasiya kugwira mphepo ndipo ndege imagwa chamutu.

Kusiyana kwina ndi kwa muyeso. Wopanga tindege totere amasankha ndege yeniyeni imene inaulukapo, n'kuchepetsa chiwalo chilichonse mofanana. Spitfire ya ku Britain, imene inauluka koyamba pa 5 Malichi 1936, mapiko ake anali mamita 11.23 kuchokera nsonga ina kufika ina. Mukaichepetsa kakhumi, mapiko akhala masentimita 112, ndipo mchira, mawilo ndi galasi la woyendetsa zonse zichepenso kakhumi. Pa mipikisano ya bungwe la FAI, limene limayang'anira masewero a m'mlengalenga kuyambira 1905, gulu la tindege totere limatchedwa F4C. Oweruza amayamba ayerekeza kandege kali pansi ndi zithunzi za ndege yeniyeniyo, kenako amaona ngati kakuuluka mwa khalidwe la mwini wake. Ndege yonyamula katundu ikamagudubuzika m'mwamba ngati yothamangitsa adani, mapointi amachotsedwa.

Nanga ndege zankhondo za azungu zikutikhudza pati ife?

Zikutikhudza kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo imene ikutikhudza kwambiri si Spitfire ayi, koma Dakota. Iyi ndi ndege ya mainjini awiri ya kampani ya Douglas ya ku America. Ya anthu wamba inkatchedwa DC-3 ndipo inauluka koyamba mu Disembala 1935. Ya asilikali inali C-47, ndipo anazipanga zoposa 10,000 m'nthawi ya nkhondo yachiwiri.

Agogo athu zikwizikwi a mu King's African Rifles (KAR) anamenya nkhondoyo kutali ndi kwawo. Mu 1944 asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma pakati pa mvula yamphamvu, misewu itasanduka matope. Chakudya ndi zipolopolo zinkawapeza kuchokera kumwamba, zitaponyedwa ndi ndege zonyamula katundu, makamaka ma Dakota. Amene amapita ku Zomba n'kuona chipilala cha KAR ku Cobbe Barracks akumbukire kuti ena mwa asilikali a gulu limenelo anakhala ndi moyo chifukwa cha matumba ogwa kuchokera m'ndege imeneyi.

Nkhondo itatha, ndege zotsala zinapeza ganyu ina. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, limene dzina lake lidakalipo pa depoti ya mabasi mu Blantyre, inkanyamula amuna pa Chileka kupita nawo ku Francistown pa ma Dakota ndi ma DC-4. DC-4 nayonso inagwira ntchito pa nkhondo ndi dzina loti C-54 Skymaster. Pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ma DC-4 amenewa inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno chifukwa cha ngoziyo. M'mabanja ambiri a ku Ndirande ndi ku Bangwe, munthu woyamba kukwera ndege sanali nduna kapena wophunzira kwambiri, anali wa kumigodi.

Palinso mbali yowawa. Mu 1959, chaka chimene boma la atsamunda linalengeza za chipwirikiti pa 3 Malichi, ndege za Royal Rhodesian Air Force zinabweretsa asilikali pa Chileka, ndipo Dr Banda atamangidwa kunyumba kwake ku Limbe anamukweza ndege pa Chileka pomwepo kupita naye kundende ya Gwelo, kumene lero ndi Gweru. Ndiye pali ndege zotera pamadzi za mtundu wa Short Solent za kampani ya BOAC, zimene zinkatera pa nyanja ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Solent inachokera ku Sunderland, ndege yosaka sitima zapansi pa madzi za Germany.

Ine ndikanati Mmalawi wofuna kupanga ndege yankhondo aloze maso ake pa Dakota. Spitfire aliyense padziko lapansi waipanga kale. Dakota ya Wenela ndi nkhani ya pakhomo pathu, ndipo mukaichepetsa ka 20, mapiko ake a mamita 29 amakhala pafupifupi masentimita 145, kukula kokwana kuseri kwa galimoto mukapanga mapiko ochotseka.

Ndiye kuti ndiyambe ndi Dakota?

Ayi ndithu, ngakhale Spitfire musayambe nayo. Dakota ili ndi mainjini awiri, ndipo imodzi ikazima ndege imapotokera mbali yomweyo. Spitfire, Mustang ndi Messerschmitt Bf 109 zili ndi mapiko pansi pa thupi, zimathamanga, ndipo sizidziwongola zokha. Anazipanga dala kuti zizitembenuka msanga pothawa chipolopolo, ndipo khalidwe limenelo limatsikira kwa kandege kakang'ono. Nsonga za mapiko ake n'zopyapyala, choncho mukachepetsa liwiro potera, phiko limodzi limasiya kugwira mphepo linzake lisanasiye, ndege n'kuzungulira mpaka pansi musanadziwe chachitika.

Mwayi wake ndi woti pali ndege yankhondo imene ndi yofatsa. Piper Cub, imene asilikali a America ankaitcha L-4 Grasshopper, inkagwira ntchito yozonda kumene mizinga ikugwera. Mapiko ake ali pamwamba pa thupi, ndi otakata kuyambira pakati mpaka kunsonga, ndipo kulemera konse kumalendewera pansi pawo. Ikapendekeka imafuna kubwerera yokha. Mukaipaka penti wobiriwira wa asilikali ndi mizere yakuda ndi yoyera imene ndege za mbali ya Britain ndi America zinapakidwa mu Juni 1944 polowa ku Normandy, muli ndi ndege yankhondo yeniyeni imene ingakukhululukireni zolakwa za woyamba.

Bwanji aliyense amadandaula za kulemera? Si kuti chinthu cholimba ndiye chabwino?

Apa m'pamene amisiri athu a manja abwino amagwera. Munthu wozolowera kuwotcherera mageti amafuna chilichonse chikhale cholimba, ndiye amawonjezera thabwa apa, chitsulo apo, penti wamafuta kuwirikiza katatu. Ndege yotero imakongola pa tebulo basi.

Masamu ake ali chonchi. Mukachepetsa ndege kakhumi m'litali, kukula kwa mapiko kumachepa ka 100, pamene kulemera, mukatsatira muyeso womwewo, kumachepa ka 1,000. Spitfire yodzaza mafuta ndi zipolopolo inkalemera pafupifupi matani atatu. Kugawa ka 1,000 kukupatsani makilogalamu atatu. Koma kandege ka masentimita 112 kolemera makilogalamu atatu kangafune liwiro loopsa kuti kangonyamuka, chifukwa mpweya sunachepetsedwe nawo, ndipo timapiko tating'ono sitigwira mphepo bwino ngati mapiko aakulu. N'chifukwa chake opanga odziwa amalimbana kuti kandege ka kukula kumeneku kakhale cha m'ma kilogalamu imodzi.

Ife tili ndi vuto lina lowonjezera. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, mwina ndi gawo limodzi mwa khumi, kuposa wa ku Beira kapena ku Durban. Kukatentha mu Okutobala umapepukiratu. Pulani yolembedwa ndi munthu wa ku England idzafuna liwiro lochulukirapo ikafika ku Naperi. Gulani kasikelo ka kukhitchini kowerenga magalamu musanagule penti.

Zopangira zake zimapezeka kuno?

Thupi la ndege mungalipeze lonse mu Blantyre muno. M'mabuku akale mudzawerenga za balsa, mtengo wopepuka kwambiri umene wochuluka umachokera ku Ecuador, koma masiku ano ambiri akupanga ndi foam. Pali foam yamapepala, yomatidwa pepala uku ndi uku, imene ojambula mapulani ndi olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito. Palinso foam yoyera ija yotetezera firiji ndi TV m'katoni, imene masitolo amangotaya; imadulika bwino ndi waya wotenthetsedwa ndi batire ndipo imasalala ndi sandipepala. Nsungwi yong'alula bwino imalimbitsa phiko m'kati. Sipoko ya njinga imasanduka mwendo wa wilo kapena kandodo kokankhira chiwongolero. Mawilo amadulidwa ku patapata wakale, galasi la woyendetsa ku botolo la pulasitiki lofewetsedwa ndi moto, ndipo kapulayiwudi kopyapyala kamagwira mota kumphuno. Amene anayendapo mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe akudziwa kuti zonsezi sizisowa.

Chenjerani ndi guluu. Guluu wonunkha uja wa osoka nsapato, supagulu wamba ndi penti wopopera wa m'chitini zimasungunula foam yoyera. Gwiritsani ntchito guluu wa matabwa woyera, guluu wotentha wa kamfuti, ndi penti wosungunula ndi madzi. Yesani pa kachidutswa kaye.

Zamagetsi ndiye zoitanitsa. Rimoti, mota, ma sevo ndi mabatire zimachokera ku China kapena m'masitolo a ku Johannesburg, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene masiku ano n'zosowa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Onjezanipo msonkho wa MRA. Mabatire ndi amene amavuta koposa chifukwa makampani a ndege amaika malamulo okhwima pa mabatire a lithium, ndiye ambiri amadalira wachibale wobwera pa basi kudzera ku Mwanza. Chotonthoza n'chakuti rimoti imagulidwa kamodzi ndipo imasunga ndege zambiri m'mutu mwake. Ndege ikaphwanyika, kawirikawiri chophwanyika ndi foam ndi propela; zamagetsi mumazula n'kuziika mu ina. Anthu atatu kapena anayi akhoza kusonkherana rimoti imodzi.

M'kati mwake muli chiyani kwenikweni?

Zinthu zisanu. Pali risiva, kabokosi kolandira uthenga wa rimoti pa mafunde a 2.4 GHz, kamene kamamangiriridwa ku rimoti imodzi yokha, choncho anthu angapo akhoza kuulutsa pamodzi osasokonezana ngati mmene zinkakhalira ndi mawailesi akale. Pali batire la LiPo: selo iliyonse ndi mavoti 3.7, ndipo lofala pa ndege ya mita imodzi ndi la maselo atatu, mavoti 11.1, la 2200 mAh, limene limakupatsani mphindi zisanu mpaka zisanu ndi zitatu m'mwamba. Pali mota yopanda mabulashi yozungulitsa propela, ndi ESC, imene imakhala pakati pa batire ndi mota n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Chomaliza ndi ma sevo, timamota tolemera magalamu asanu ndi anayi tokoka ziwongolero.

Ziwongolerozo zilipo zitatu. Za kumbuyo kwa mapiko zimapendeketsa ndege kumanja kapena kumanzere. Chopingasa cha kumchira chimakweza kapena kutsitsa mphuno. Choimirira cha kumchira chimapotoza mphuno cham'mbali. Kuphatikiza ndi mphamvu ya mota, zala zanu ziwiri zazikulu zimagwira ntchito zinayi nthawi imodzi. Kulinso tindege ta mainjini enieni oyendera mafuta, ta phokoso lokoma kwa okonda, koma pakati pa nyumba zothithikana phokosolo lingakudanitseni ndi mudzi wonse.

Ndamva kuti ndege yatsopano imagwa tsiku loyamba. Chimachititsa n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi malo amene kulemera kwakhazikika. Wa kabaza akamanga thumba la chimanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, wilo la kutsogolo limayamba kunyamuka ndipo njinga siwongoleka. Ndege yolemera kumchira imachita chimodzimodzi: imadzutsa mphuno, kutaya liwiro, n'kugwa. Yolemera pang'ono kumphuno imauluka mouma koma imabwerako.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Yezani kutakata kwa phiko kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi gawo limodzi mwa atatu kuchokera kutsogolo, ikani chizindikiro pa mapiko onse awiri. Batire lili m'malo mwake, nyamulani ndege ndi zala ziwiri pa zizindikirozo. Ikhale yowongoka kapena yoweramitsa mphuno pang'ono. Ndege zankhondo zimavuta apa chifukwa zenizenizo zinali ndi chiinjini cholemera kumphuno, monga Rolls-Royce Merlin ya mu Spitfire, pamene kamota kanu kamagetsi n'kopepuka. Galamu iliyonse ya penti kumchira mudzailipira ndi magalamu angapo kumphuno. Kankhirani batire kutsogolo mmene mungathere musanaganize zoikamo mtovu.

Chachiwiri chimene chimapha ndege tsiku loyamba ndi chiwongolero cholumikizidwa chagada. Imani kumbuyo kwa ndege nthawi zonse musananyamuke, kankhirani kandodo kumanja, muone ngati chiwongolero cha phiko lamanja chakwera. Ngakhale akatswiri amachita zimenezi pa ulendo uliwonse.

Ku Naperi ndingaulutsire pati?

Kunena mosabisa, m'kati mwa Naperi mulibe malo oyenera wophunzira. Nyumba n'zoyandikana, mawaya a ESCOM ali paliponse, mitengo ndi yaitali, ndipo mphepo yotsika phiri la Soche imafika yosokonekera. Bwalo la Njamba, kumene Papa John Paul II anachita misa mu Meyi 1989, limakopa maso, koma ndi njira ya anthu ndipo misewu ili pafupi. Kandege ka kilogalamu imodzi kothamanga makilomita 60 pa ola, propela ikuzungulira, kakhoza kuvulaza mwana kwambiri. Kupangira kukhale ku Naperi, kuulutsira kukhale kunja kwa tauni, pamalo aakulu kuposa mabwalo awiri a mpira, opanda anthu, mutapempha mwini malo kapena mfumu. Bwalo la sukulu nthawi ya tchuthi lingakwane kandege kakang'ono kopepuka, koma ndi chilolezo cha aphunzitsi aakulu.

Malo ena musayandikire n'komwe: bwalo la ndege la Chileka ndi njira imene ndege zimatsikira, nyumba ya boma ya Sanjika, malo a asilikali ndi apolisi, ndende ya Chichiri, chipatala cha Queen Elizabeth, ndi Kamuzu Stadium tsiku la mpira. Mlengalenga mwa Malawi mumayang'aniridwa ndi akuluakulu a zandege a boma pansi pa lamulo la 2017, ndipo mafunde a wailesi ndi a MACRA. Pitani mukafunse zimene akufuna musanaulutse, makamaka ngati mwaikapo kamera. Mayiko ambiri amaletsa kupitirira mamita 120 kupita m'mwamba ndipo amafuna kuti ndege ikhale pamene maso anu akuiona; tsatirani zimenezi ngakhale wina asanakuuzeni. Ku South Africa oulutsa ali ndi bungwe lawo, SAMAA, lokhala ndi mabwalo ovomerezeka ndi inshuwalansi. Kuno, anthu ochepa ogwirizana opita limodzi kwa akuluakulu amamvedwa msanga kuposa munthu mmodzi wogwidwa ndi rimoti m'manja.

Anthu a m'mudzi sangandiganizire zina?

Angathe, ndipo musaitenge mwachibwana nkhani imeneyi. Tonse tinamvapo za ndege za usiku zimene amati zagwa pakhomo pa munthu mafuta atatha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mu Blantyre mu Okutobala, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Chinthu chachilendo chotera m'munda mwa munthu, chokhala ndi mawaya ndi timagetsi tophethira, chikhoza kuyambitsa chipwirikiti chimene simungachizimitse.

Mankhwala ake ndi kuonekera. Kaonaneni ndi amfumu kaye, muwaonetse ndegeyo m'manja, atsegule aone batire ndi foam. Ulutsani masana, ana aonerere ataima kumbuyo kwanu. Lembani dzina ndi nambala yanu m'kati mwa ndege. Ikagwera m'munda, pemphani musanalowe, ndipo ngati yathyola chimanga lipirani.

Nyengo yabwino ndi iti?

M'mamawa, dzuwa lisanatenthe, mphepo ikadali chete. Epulo ndi Meyi ndi miyezi yokoma. Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni, ndipo ndege yotuwa yolowa mu nkhungu ndiye kuti mwatsanzikana nayo. Ogasiti ndi Seputembala ndi amphepo, Okutobala masana ndi wa akamvuluvulu. Dzinja foam ya mapepala ikanyowa imafufuma. Nyamukani ndi kutera moyang'anana ndi mphepo nthawi zonse, dzuwa lili kumsana. Ndipo musadabwe akhwangwala a mu Blantyre akayamba kuithamangitsa ndege yanu. Akabawi ndiye amafika poimenya ndi zikhadabo.

Ndingaphunzire bwanji popanda wondiphunzitsa?

Yambani pa kompyuta. Pali mapulogalamu oyeserera, ena aulere, amene mumalumikiza rimoti yanu yomweyo n'kumaulutsa ndege ya pagalasi. Igwetseni kumeneko kambirimbiri kwaulere. Chovuta chachikulu n'chakuti ndege ikamabwera kumaso kwanu, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwanu, ndipo ubongo umatenga nthawi kuti uzolowere. Njira imene ambiri amathandizika nayo ndi iyi: ndege ikubwera, kankhirani kandodo kumbali ya phiko limene latsika. Musapite kubwalo musanathe kutera pa kompyuta kangapo motsatizana osaphwanya.

Mukapeza munthu wodziwa, marimoti awiri akhoza kulumikizidwa kuti iye alande ndege zikavuta. Tsiku loyamba kwerani m'mwamba ndithu, chifukwa pansi ndi pamene pamaphwanya. Ndipo konzani rimoti kuti uthenga ukaduka mota izime yokha.

Mabatirewa akuti amayaka moto. N'zoona?

N'zoona. LiPo yobooka, yofufuma kapena yotchajidwa mopitirira mavoti 4.2 pa selo imatha kuyaka moto woopsa wovuta kuzimitsa. Tchajani ndi tchaja yake yokha, imene imayeza selo iliyonse payokha, pa simenti kapena mumphika wadothi, kutali ndi makatani, inu muli pomwepo. Vuto lathu ndi kuzimazima kwa magetsi: munthu amalumikiza batire, magetsi n'kuzima, iye n'kupita kukagona, magetsi n'kubwera pakati pa usiku. Zulani zonse magetsi akangozima. Matchaja ambiri amalandira mavoti 12, choncho batire la galimoto kapena la sola limagwira bwino ntchito, ngakhale kubwalo komwe. Musalimalize batire mpaka kutheratu, ndipo ngati likhala masabata osagwira ntchito lisiyeni pa mavoti 3.8 pa selo. Pokonza ndege pa tebulo batire lili lolumikiza, chotsani propela kaye. Imadula chala mpaka pafupa.

Kodi kupanga ndege zankhondo si kutamanda nkhondo?

Funsoli ndi loyenera. Ndege zimenezi zinapha anthu, ndipo zina zinaopseza makolo athu mu 1959. Koma wopanga kandege mwa muyeso amakakamizika kuwerenga: ndege iyi inali ya gulu liti, inauluka chaka chanji, inanyamula ndani. Mnyamata amene wapanga Dakota n'kufufuza penti wake adzadziwa za Burma, za Wenela ndi za Gwelo kuposa mnzake woloweza zaka za mayeso. Amene angafike ku Gweru lero akaone nyumba yosungira zankhondo ya kumeneko, muli Spitfire yeniyeni. Ku Pretoria, pa bwalo la Swartkop, kuli ndege zakale za asilikali a South Africa.

Malire alipo. Chizindikiro cha chipani cha Hitler pamchira wa Messerschmitt ine sindingachijambule, ngakhale wina anene kuti mbiri ikufuna choncho. Ku Germany komwe n'choletsedwa kuchionetsa poyera. Ndipo zoponya tinthu kuchokera m'mwamba ngati mabomba zisiyeni.

Pa mavuto a zachuma alipowa, si kutaya ndalama kumeneku?

Ndalama zimapitadi, ndipo amene alibe fizi ya mwana asayambe. Koma taonani kumene luso lomweli lafika m'dziko muno. Mu Malichi 2016 UNICEF ndi boma anayesa kunyamula magazi a makanda okayezetsa HIV pa drone ku Lilongwe. Mu Juni 2017 anatsegula dera loyesera ma drone lozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse. Chaka chomwecho ophunzira Achimalawi, mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech, anapanga ndege yotchedwa EcoSoar ndi foam ya mapepala yomwe ija, ndipo inauluka makilomita 19 ku Kasungu. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe, mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Namondwe Freddy atagumula Soche mu Malichi 2023, pafupi penipeni ndi Naperi, ma drone anathandiza kujambula malo owonongeka.

Mota, ESC, sevo ndi batire, zimene EcoSoar nayonso inafuna, ndi zomwezo zili mu Piper Cub ya foam. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, anayamba ndi zotola kudzala ndi buku la mulaibulale. Aphunzitsi a sayansi a m'masekondale a ku Soche, Zingwangwa ndi Chichiri, ndiponso ophunzira zauinjiniya pa MUBAS, amene ali pafupi ndi Naperi poyenda pansi, sonkhanitsani ana khumi, rimoti imodzi ndi makatoni a foam, mupemphe bwalo ndi chilolezo, muyambe ndi Cub. Dakota ya Wenela ibwere chaka chachiwiri.